Nyemba za Nanzunga

Panali munthu wina kumapiri uko, mlimi wa nyemba, amene anakwatira mkazi wa maso akuthwa. Mkaziyo anali Nanzunga. Mwamunayo ankangodziwa khasu basi. Za mbewu ankasiyira mkazi wake.

Chaka china mvula inanyanya, nyemba zonse m'munda n'kuolera pomwepo. Koma pakati pa mzere wina panatsala tsinde limodzi lobiriwira, ngati silinamve kuti kwagwa zovuta. Nanzunga analimangirira kansanza. Atakolola, nyemba za tsinde limenelo sizinadzaze ndi dzanja lomwe. Sanaziphike. Anazidzala pazokha kuseri kwa khola, ndipo zitabereka anasankhanso, zofooka n'kuponya mumphika, zamphamvu n'kusunga. Anachita chimodzimodzi chaka ndi chaka, lichero lili pamiyendo, akutola imodziimodzi.

Mwamuna wake ankamuseka. "Kodi aNanzunga, mukusankha nyemba kapena mukusankha mkamwini?"

"Mkamwini akavuta timamuthamangitsa," ankayankha mkaziyo osadzutsa mutu. "Mbewu yoipa ikalowa m'munda situluka."

Pomaliza inatuluka nyemba imene kunalibe m'dera lonselo: yamawanga ofiira, yosaopa mvula, yopsa msanga ndi nkhuni zochepa. Munda woyamba wathunthu Nanzunga anaudzala ndi manja ake. Koma sanaukolole. Anadwala, ndipo anamuika m'manda nyemba zikuchita maluwa.

Maliro atatha, nyemba zitakhwima, kunabwera mlangizi wa zaulimi. Anayenda m'mundamo, anasenda khoko limodzi, n'kuziyang'anitsitsa nyembazo.

"Bambo, mbewu iyi ndi yatsopano," anatero. "Lilipo lamulo loteteza anthu amene atulutsa mbewu yotere. Mukailembetsa, akatswiri amaidzala kuti aone ngati ili yosiyanadi ndi zina. Akakhutira, palibe angaichulukitse n'kumaichitira malonda popanda chilolezo chanu. Koma muilembetse musanayambe kuigulitsa. Ndipo pamafunika dzina."

Dzina mwamunayo anali nalo, limodzi lokha. Koma kwawoko dzina la mkazi wa mwini salitchula mwachisawawa, nanji la munthu amene wangogona kumene. Anaganiza za pamsika. Anamva m'mutu mwake anthu akukuwa kuti Nanzunga watchipa lero, ena akudandaula kuti Nanzunga uyu wafumbwa, ena akunenerera mtengo wake ndi m'kamwa modzaza nzimbe. Mtima unamuwawa.

"Dzina lina sindingaipatse, kumeneko ndiye kumubera malemu," anatero. "Koma lake sindingalole kuti likagubuduzike m'fumbi la pamsika."

Mlangizi anamupempha kuti aganize bwino. Iye anati waganiza kale. Mavenda atafika ndi masikelo awo anawagulitsa matumba onse, ndipo atamufunsa dzina la mbewuyo anangoti, "Ndi nyemba."

Musanyoze munthuyu. Anachita zimenezi chifukwa cha ulemu, ndipo ulemu wake unali weniweni. Kungoti mbewu ili ndi miyendo. Nyemba ija inatsika mapiri, inaoloka mitsinje, inalowa m'minda ya anthu amene sanamvepo za kansanza kaja. Ndipo anthu sadya chinthu chopanda dzina. Wina pamsika, poona kuti imapsa msanga, anaitcha Kabaza, ngati njinga zonyamula anthu zija. Anzake anaseka, dzinalo n'kukakamira.

Zaka zinapita. Ana a mlimi uja anapita kutauni. Azilamu ake ndi amayi amene ankasinja limodzi ndi malemu anatha mmodzimmodzi. Tsiku lina mlimiyo akupalira anaima, n'kuzindikira kuti sakukumbukira kuti analimva liti dzina la mkazi wake kuchokera pakamwa pa munthu wina. Dzina lija analisunga bwino kwambiri moti linasowa. Anayamba kulilakalaka ngati madzi. Zimene ankaopa zija tsopano ndi zimene ankazifuna: bwenzi atamva ngakhale woledzera akulikuwa, ngakhale wonenerera akulitsitsa mtengo. Anamusowa mkazi wake kuposa tsiku la maliro.

Anavala jekete lake, anamanga nyemba pakansalu, ulendo wa kuboma. Ku ofesi yoona za mbewu anamulandira bwino, anamupatsa mpando, n'kumumvetsera mpaka kumapeto. Kenako mayi wa pa ofesipo anapukusa mutu.

"Pepani bambo. Lamulo limateteza mbewu ikadali yatsopano. Iyi mwakhala mukuigulitsa nokha zaka zonsezi, ndipo ili m'misika yonse. Madzi akatayika saoleka."

"Ndalama sindikuzifuna ayi," anatero mkuluyo. "Ndimangofuna dzina."

"Dzina ili nalo kale, bambo. Anthu anaipatsa."

Pobwerera anadzera pamsika kudikira galimoto. Apo mayi wina anali atayala thumba, akuitanira malonda. "Kabaza! Kabaza wopsa msanga uyu!" Mkulu uja anawerama, anatapa nyembazo, n'kuziyang'ana m'dzanja mwake. Mawanga ake anali omwe aja.

"Mayi, mukumudziwa amene anasankha nyemba izi?"

"Iii agogo, nyemba zimakhala ndi mwini wake? Zimangomera izi."

"Anasankha ndi mkazi wanga. Nanzunga."

Analitchula pakati pa msika, m'fumbi lomwe lija, ndipo palibe chinagwa.

"Pepani, aNanzunga sindiwadziwa," anatero mayiyo. "Ndikuyezereni zingati?"

Mkuluyo anatseka maso. "Tanenaninso."

"Ndinene chiyani, agogo?"

"Dzinalo."

Mayiyo anayang'ana anzake, anaseka mwamanyazi, n'kunena mofatsa kuti, "ANanzunga." Pomwepo panaima kasitomala wina ndi jumbo yake, ndipo mayiyo anatembenuka n'kuyambanso kukuwa kuti Kabaza.

Tsono inu amene mwakhala pano, ena mwa inu muli ndi kambewu kuseri kwa khola kamene mwakhala mukukasankha, kapena kamene anakusiyirani wina amene simumuiwala. Musadikire kuti mavenda akatchulire dzina. Funsani alangizi, kalembetseni kakadali m'manja mwanu, thumba loyamba lisanakwere sikelo. Lamulo likhoza kukutetezerani thukuta, likhoza kukusungiraninso dzina, koma silithamangira mbewu imene mwaitulutsa kale nokha. Ndipo ngati mumam'konda amene anaisankhayo, mutchuleni anthu akumva. Dzina lokhala m'kamwa mwa munthu mmodzi limapita naye kumanda.