Dzira Loikiridwa pa Chikondwerero cha Misasa

Kalekale, kudziko lina lozizira, m'mudzi wina wa Ayuda munagwa njala ya dzaoneni. M'mudzimo munali a Zalimani, mphunzitsi wa malamulo a chipembedzo chawo, nkhalamba yanzeru koma youma mutu. Anali ndi ana atatu: Gedaliya, Yisakara ndi mlongo wawo Rayiza. Chaka chimenecho mkuluyu anadwala, nagona masabata atatu akukhalira madzi ofunda.

Kenako linafika tsiku la chikondwerero cha Misasa. Pa tsikuli lamulo lawo limalola kuphika, koma moto wake uzikhala wopala pa wina umene wagonera, osati woyatsa kumene. Kupera tirigu n'koletsedwa. Chakudyanso chizikhala choti chinalipo kale dzuwa la dzulo lisanalowe, moti dzira loikiridwa tsiku lomwelo silidyedwa. Koma moyo wa munthu ukakhala pangozi, malamulo onsewa amapatuka. A Zalimani ankazidziwa zimenezi kuposa aliyense, pakuti ndiwo ankaziphunzitsa.

M'mawa wa tsikulo moto unapezeka utazima. M'nyumba munali tirigu wodzaza dzanja, wosapera. Nkhuku yawo yotsala, imene inali itasiya kuikira, inasankha tsiku lomwelo kuikira dzira. Akanaipha, nyama yake mkuluyo akanaisanza, mimba yawo ikanalandira phala lokha.

"Bambo, mukufa," anatero Rayiza. "Lamulo likukulolani kudya dzirali."

"Wakuuza ndani kuti ndikufa?" anayankha a Zalimani. "Ndangofooka. Pasaswedwe lamulo chifukwa cha ine."

M'mudzimo munalibe sing'anga woti awatsutse.

Gedaliya, mwana woyamba, anati, "Njira yosalakwa ilipo. Ndikapale moto kwa anzathu, tiwiritse tiriguyu osapera. Dzira lidikire." Anatenga phale n'kuyamba kugogoda khomo ndi khomo. Koma njalayo inabwera ndi kusowa kwa nkhuni komwe, ndipo kulikonse ankapeza phulusa lozizira.

Yisakara anakhala akuyang'ana milomo ya bambo ake ikuuma, mpaka mtima unamukana. Anayatsa moto watsopano, napera tirigu, naphika phala, naswera dzira momwemo. Atapita nalo, a Zalimani anafunsa, "Moto wachokera kuti?" Yisakara bodza sankalitha. "Ndayatsa ndine, bambo. Dziranso ndi la lero." Mkuluyo anatembenukira kukhoma.

Rayiza ananyamula mbale ya phala lokanidwalo. Anatuluka nalo, nalitsanulira m'mbale ina, nadikira kuseri kwa nyumba. Dzuwa lili pamutu analitenthetsa n'kulowa nalo. "Ili ndi lina, bambo. Atumiza ndi akazi a Mendele, aneba athu. Ufa anapera dzana, moto wawo ndi wogonera, dzira ndi la dzulo." A Zalimani anadalitsa chakudyacho, nadya mpaka kukomba mbale. Thukuta linatuluka, maso anayera, ndipo anadzuka n'kukhala tsonga koyamba m'masabata atatu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Dzuwa litapendeka Gedaliya anatulukira, mapazi atatupa, khala limodzi likunyeka m'phale. Sankadziwa chilichonse cha zimene zinachitika. Ali pakhomo anafuula mosangalala, "Bambo, ndaupeza! M'mudzi monse mulibe moto, ngakhale kwa a Mendele kuli phulusa lokhalokha, koma kunyumba yomalizira uko ndapezako khala."

A Zalimani anayang'ana mbale yokombedwa ija, nayang'ana Rayiza. "Ngati mwana wanga wamkazi wandinamiza," anatero motsitsa mawu, "ndidzadyanso za m'manja mwa yani?"

Kuyambira pamenepo a Zalimani anatseka pakamwa, osalandiranso chakudya. Tsiku la zoletsa lija litatha, aneba anabwera ndi kaufa kochepa, koma mkuluyo sanakhulupirirenso mbale iliyonse yolowa m'chipindamo. Ana anagwada, analira, anawakumbutsa zimene iwo eni ankaphunzitsa, zoti moyo umaposa lamulo la tsiku. Sizinathandize. Pa tsiku lachisanu la kukana chakudyako anamwalira.

Pa mwambo wawo, maliro asanaikidwe, amene analakwira malemu amaima pafupi ndi mtembo n'kupempha chikhululukiro. Ana atatu aja anaima pamenepo, anthu akudikira, koma palibe anatsegula pakamwa. Gedaliya sanaswe lamulo ngakhale limodzi, koma anachedwa, ndipo mawu ake ndiwo anaulula zonse. Yisakara anaphika chakudya chimene chinawadzutsa, koma atanena zoona bambo anachikana. Rayiza ndiye yekha anawadyetsa, ndipo bodza lake lomwelo ndi limene linawatseka pakamwa.

Tsono inu amene mwamva, manda akumbidwa ndipo anthu akudikirabe. Ndani mwa atatuwa ayambe kupepesa? Kapena woyenera kupepesa ndi amene wagona m'nsaluyo?