Loko wa pa Chipata cha Doña Orfelina

"Mwatigulitsa, Doña Orfelina! Ndalama za boma zokonzera njira sizinafike n'komwe, inu mwakhoma kale loko!"

Eliecer Mansilla ananena izi ali pamsana pa hatchi yake, Tostada, osatsika, osavula chipewa. Njira yopita kumapiri, imene iye ankakwezera mchere wa ng'ombe ndi alendo odzaona malo, inkadutsa m'munda wa mayi wamasiyeyo. Chiyambire makolo, chipatacho chinkangokolekedwa ndi kawaya. Lero panali loko wonyezimira.

Mkwiyo wake unali ndi pogwira. Olemera a ku Santiago, likulu la dzikolo, anali atagula kale minda iwiri n'kutchinga njira ndi waya waminga. Boma nalo linati likonza milatho pokhapokha eni minda otsalawo atalola kuti mahatchi azidutsa mwaufulu. Mayiyu akanakana, njira ikanafa, Eliecer n'kumadya mphepo.

"Tsika, mwanawe, ketulo yawira," anatero Doña Orfelina ali pakhomo. "Timwe tiyi wathu wa mate ndikuuze."

"Mate wanuyo mukamwe ndi anzanu a ku Santiago."

"Pakamwa ngati pa bambo ako. Koma iwo ankayamba atsika kaye."

Kuchigwa kumeneko nkhani za njira zimayenda ndi chikho cha mate, tiyi wowawa womwa mopatsirana: mtsinje wadzadza pati, mtengo wagwa pati. Wokana chikho wakana nkhani. Eliecer anatsikadi, koma kukatola mwala. Anaphwanya loko uja, nakweranso hatchi n'kulowa ali liwiro, mayiyo akukuwa kumbuyo.

Kuseri kwa nkhalango njira imawoloka dambo pa mitengo yoyalidwa. Mvula inali itakokolola mitengoyo, pamwamba n'kutsala ndere zobiriwira ngati mphasa. Tostada anangoponda kawiri, phwathi, mpaka pachifuwa. Eliecer anadzigwetsera pambali, nadula lamba wa chishalo, nakoka chingwe mpaka zikhatho kusupuka. Hatchi ikaphupha, matope ankaimeza. Inamuyang'ana ndi diso loyera, ikupumira m'mwamba, ndipo mnyamata waukali uja anayamba kuinyengerera ngati khanda, misozi ili chuchuchu.

Kenako anamva unyolo kulira. Doña Orfelina anatulukira ndi ng'ombe zake ziwiri zapagoli. Anali atazimanga atangomva mwala ukugunda loko.

"Zunguliza chingwe kuseri kwa miyendo yakutsogolo, osati m'khosi, ungaiphe. Changu, wamwala iwe."

Ng'ombe zinakoka pang'onopang'ono. Dambo linakaniza, linakaniza, kenako n'kulavula. Tostada anagona kanthawi, nadzuka akunjenjemera, miyendo yonse inayi ili bwinobwino. Eliecer anakumbatira khosi lamatopelo.

"Hatchi yanga yaikazi inafera pomwepa mitengo ija itakokoloka," anatero mayiyo akumasula unyolo. "Ndikanasiya kawaya, inu okwera mahatchi mukanaima?"

"Nanga a boma aja, amayi?" anafunsa Eliecer chapansipansi.

"Ndinawalola kalekale. Ndinawauza kuti mlatho woyamba aumange pano. Njirayi ndi imene mwamuna wanga anandibweretsera kuno pa ukwati, ndiitseke ine?"

Eliecer anavula chipewa. Mpweya umene anali ataugwira chigulireni olemera minda ija unatuluka wonse. Hatchi inali moyo, njira inali moyo, chofa chinali loko yekha. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.

Doña Orfelina anakhwefula goli, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Tsopano ndiyankhe, mnyamata: mate uja umwa, kapena ukadali ndi mwala wina?"