A Liwiro Pachitunda

Munthu akakhala pampando wa wometa, nsalu itamangidwa m'khosi, makina akulira kuseri kwa khutu, sangathawe nkhani. A Liwiro ankadziwa bwino zimenezi, ndipo ankapezerapo mwayi mopanda chisoni. Kanyumba kawo kometera kanali kakang'ono: mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira ndi shelefu ya zipeso, sizasi ndi botolo la sipiriti. Koma nkhani imene inkakambidwa mmenemo inali yaikulu kuposa nyumbayo.

Ali mnyamata, a Liwiro anapambana mpikisano wa njinga. Zimenezi zinachitikadi, ndipo dzina lawoli linachokera pomwepo. Vuto linali lakuti mpikisanowo unkakula chaka ndi chaka ngati mwana wodya bwino. Mtunda unkatalika, zitunda zinkachuluka, ndipo anthu amene anawasiya m'mbuyo ankaswana. Makasitomala ankangotsinzina n'kumavomera kuti "eya, eya," poti munthu amene wagwira lezala pafupi ndi kholingo lako sumutsutsa. Palibe amene analimba mtima kuwafunsa kuti njinga anaikwera liti komaliza. Akanayankha zoona, akanati mwana wawo wamkazi, amene tsopano anali pabanja, anali asanamere mano.

Mwana wamkaziyo ndiye anabweretsa mayeso. Anatulukira kometerako masana ena ali ndi mwamuna wake, mnyamata wofatsa wogwira ntchito ya pakompyuta, amene a Liwiro ankamuyang'ana kamimba n'kumapukusa mutu chamumtima.

"Ababa, paja amayi apuma pa ntchito ya uphunzitsi," anatero mwanayo. "Ndiye takukonzerani ulendo wa kunja, tipita tonse anayi. Ndi ulendo wa panjinga. Kampani yake imakonza zonse: njinga, kogona, wotitsogolera, ngakhale galimoto yonyamula zikwama. Ife kwathu n'kupalasa basi."

A Liwiro anazimitsa makina, kasitomala mutu uli theka. "Wati panjinga?" Anatembenukira anthu a pabenchi, chifuwa chili patsogolo. "Mwamva? Azungu aja aona zakuda."

"Koma akuti tiyambiretu kuyeserera, Bambo," mkamwini anatero mwaulemu, maso ali pansi. "Kumeneko kuli mapiri, ndipo kwatsala miyezi yochepa."

"Akamwini, munaionapo mbalame yaikulu ikuphunzira kuuluka? Yesererani inuyo. Za ine zili m'magazi."

Mkamwini sanatsutse. Anangobwereka njinga ziwiri n'kukazisiya kwa apongozi ake. Mayi a kunyumba anatenga yawo tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse ankatuluka nayo mumsewu wa kuseri, ikuyenda mokhotakhota ngati yaledzera, mkamwini akuthamanga pambuyo atagwira chishalo. Tsiku lina anakagwera mumpanda wa maluwa wa oyandikana nawo n'kubwerako bondo litasupuka. A Liwiro anaseka mpaka tiyi anawatsamwa. Njinga yawo anaiyedzamiritsa kuseri kwa kometera, ndipo posakhalitsa inapeza ntchito yabwino yoyanikapo mataulo.

Madzulo ena, akupaka mankhwala pabondo lija, mayiwo anayankhula motsitsa. Anati moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa ana za chipale chofewa, madzi oundana oyera amene amagwa ngati thonje kumaiko ozizira. Ankachijambula ndi choko pabolodi, ana n'kumafunsa ngati chimakoma, koma iwo eni anali asanachionepo. Tsono mwana wawo anawauza kuti paulendowo pali tsiku limene adzakwere mpaka pamwamba pa phiri, pomwe chipalecho chimatsalira ngakhale nyengo yofunda.

"Chimodzi chokha ndikupemphani, abambo," anatero. "Tikachigwire limodzi. Ndiye kaikwereni njinga ija ngakhale pang'ono."

"Mayi, inu mukadzafika pamwambapo mudzandipeza ine nditakuunjikirani kale mulu," anayankha a Liwiro, n'kukweza wailesi.

Tsiku linakwana, ndege inawanyamula, ndipo anakapezeka pabwalo la nyumba ya alendo m'kamudzi ka m'chigwa, pakati pa anthu ena a mitundumitundu. Wotsogolera ulendo anali mtsikana wamtali, wopsa ndi dzuwa, wa mawu ochepa. Anawauza kuti azimwa madzi pafupipafupi, aziyamba pang'onopang'ono, ndipo wina asamamupitirire iyeyo. Kenaka analoza njinga zimene zinaima padera.

"Izi zili ndi batire. Ukamapalasa zimakuthandiza kukankha, makamaka pachitunda. Ofuna anene, palibe chamanyazi."

Mayi anakweza mkono msangamsanga ngati mwana wa kalasi yawo. Mwana wawo anatenganso yotero. Wotsogolera anayang'ana imvi za a Liwiro n'kuwakankhira imodzi.

"Iyayi, mwanawe," iwo anakana akugwedeza chala. "Chinthu chokhala ndi batire si njinga, ndi wailesi. Ndipatse ya amuna."

Anawapatsa. Anawapatsanso kabudula wothina wokhala ndi siponji pokhalira. A Liwiro anamutembenuza uku ndi uku n'kumubweza. "Thewera ndinasiya kalekale."

Tsiku loyamba msewu unali wosalala, wotsata mtsinje pakati pa minda. A Liwiro atangoponda mapedulo, thupi linakumbukira zakale. Mphepo inawaomba kumaso, mtima unabwerera kuunyamata, ndipo anapitirira aliyense, ndi wotsogolera yemwe, belu akuliza ngiriri ngiriri. Anafika oyamba pamalo opumira n'kuima manja ali m'chiuno. Madzulo pachakudya anafotokozera alendo anzawo za mpikisano uja, ndipo ulendo uno unatalika kuposa kale lonse. Chodabwitsa n'chakuti nkhani yonseyo anaikamba chiimirire, mbale ili m'manja.

"Mpando uwu, Bambo," anatero mkamwini akuukoka.

"Wometa anazolowera kuimirira," anayankha mwachangu. Mayi anangowayang'ana cham'mbali.

Kutacha, a Liwiro anadzuka thupi lonse ngati alimenya ndi zibonga. Miyendo inali ya munthu wina. Kuti avale nsapato anachita kugwirira khoma. Ndipo limenelo ndilo linali tsiku la phiri. Wotsogolera anawaona akutsika masitepe cham'mbali ngati nkhanu, n'kuwanong'oneza kuti njinga ya batire ikadalipo m'galimoto. Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munthu amene dzulo lake anadzitama pamaso pa gulu lonse akanaipempha ndi pakamwa pati?

Atakhala pachishalo anaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo, koma analuma mano n'kuyambanso mwaliwiro kuti asaonekere. Msewu unayamba kukwera. Unakhota, unakweranso. A Liwiro ankati akafika pakona ndiye kuti chitunda chatha, koma kuseri kwake ankapeza china chikuwadikira, chachikulu kuposa chinzake. Magiya a njinga zamakono sankawadziwa, ndipo pofuna kufewetsa ankalimbitsa. Mpweya unayamba kuperewera. Thukuta linali kamukamu, kukamwa gwa, mtima ukugunda mpaka m'makutu.

Kenaka anthu anayamba kuwapitirira. Anadutsa wotsogolera, anadutsa mwana wawo. Anadutsa gogo wina wa tsitsi loyera mbee, wamkulu kuposa iwo, amene anawapatsa moni wansangala ndiponso anali ndi mpweya wotsala woimbira kanyimbo. Pomaliza anafika mayi a kunyumba, msana uli chilili, njinga ikungolira kuti mvuu pansipansi.

"Abambo, tisinthane? Kapena ndikudikireni?"

"Pi... pitani," a Liwiro anatero mawu akudukaduka. "Ndiku... ndikusungira mphamvu kutsogoloku."

Mayi anazengereza, kenaka anapita. Anatsala mkamwini yekha. Iye anali pa njinga wamba ngati ya apongozi ake, ndipo kamimba kaja kanali katapita ndi kuthamanga kwa m'mawa kuja. Ankapalasa modekha pambuyo pawo, akunamizira kuona mitengo.

"Bambo, ndikukankheni pang'ono pamsana?"

"Akamwini, mwandiona ngati wilibala?"

Sanathe n'komwe kupuma pa mawu amenewo. Mnofu wa kuseri kwa mwendo unakokana n'kuuma ngati mwala. A Liwiro anakuwa, njinga inaima, inaganiza pang'ono, kenaka inagona nawo cham'mbali m'ngalande ya udzu wonyowa. Ng'ombe ina imene inkadya kuseri kwa mpanda inadzutsa mutu, inawayang'ana, n'kupitiriza kudya.

Mkamwini anaponya njinga yake n'kutsikira m'ngalandemo. Anawavula nsapato, anaika phazi lawo pachifuwa pake n'kuyamba kuwongola mwendowo ndi kuusisita. A Liwiro anagona chagada, maso ali kumitambo. Pa zowawa zonse za tsikulo, chowawa kwambiri chinali chimenechi: phazi la mpongozi, sokosi yobooka pachala, lili pachifuwa cha mkamwini.

"Musakanene kunyumba zimenezi," ananong'ona.

"Sindinaone kanthu, Bambo."

Galimoto ya zikwama inafika, ndipo dalaivala ndi mkamwini anawanyamula n'kuwakhazika pakati pa masutikesi. A Liwiro anapempha kuti awafikitse pamwamba, koma dalaivala anapukusa mutu n'kuloza chikwangwani. Chigawo chomaliza cha msewuwo chinali cha njinga ndi oyenda pansi okha. Galimoto inkayenera kuzungulira phirilo kudzera kumunsi mpaka kunyumba ya alendo ya kutsidya. A Liwiro anauza mkamwini kuti apitirire akauze mayi, ndipo anamuona akukwera chitunda chija mosavuta mpaka anazimiririka pakona.

Njira yozungulirayo inali yaitali. Dalaivala ankangodziwa chinenero cha kwawoko, choncho ngakhale nkhani ya mpikisano inasowa kolowera. A Liwiro ankangoyang'ana panja pawindo. Pamalo ena mitengo inapatuka, ndipo anaona nsonga ya phirilo patali, yoyera ngati yathiridwa ufa. Anaganiza za mkazi wawo ataima pamenepo akucheukacheuka kumsewu. Anakumbukira bondo losupuka lija ndi mmene iwo anasekera.

Gulu linafika dzuwa litapendeka, anthu akuseka, masaya atafiira ndi mphepo yozizira. A Liwiro anali pakhonde la nyumba ya alendo, atakhala cham'mbali pa mapilo awiri, mwendo uli pampando wina. Mayi anaimika njinga yawo bwinobwino, anavula chisoti, n'kubwera kudzakhala pafupi nawo. Sanakalipe. A Liwiro akanakonda akanakalipa.

"Mwendo uli bwanji?"

"Ukuchira. Nanga... munachiona?"

"Ndinachiona. Ndinachigwira. N'chofewa zoona, koma chimaluma zala ngati moto. Gogo uja anandigenda nacho pamsana, ine n'kumubwezera." Anamwetulira, kenaka kumwetulirako kunazilala. "Ndinakudikirani, abambo. Anzathu onse anajambulitsa awiriawiri. Ine anandijambula ndekha ngati wamasiye."

A Liwiro anaweramitsa mutu.

Mayi anapisa m'kachikwama ka panjinga n'kutulutsa botolo lawo la madzi. "Komabe sindinakuiwaleni. Ndinakutapirani chanu, ndinadzaza mpaka pakamwa. Tambasulani manja."

A Liwiro anatambasula manja onse awiri ngati mwana wolandira mphatso. Mayi anatsegula botolo n'kulipendeketsa. Munatuluka timadzi tochepa tozizira, tokhala ndi kaudzu kamodzi, n'kudutsa pakati pa zala zawo kugwera pansi.

"Ndi chimenecho chipale chanu," anatero mayi. "Chinatopa n'kudikira."

Mwana wawo, amene anaima pakhomo, anabisa nkhope kumsana kwa mwamuna wake, mapewa akugwedezeka. Mkamwini anayang'anitsitsa denga ngati pali cholembedwa. A Liwiro anayang'ana manja awo onyowawo nthawi yaitali. Kenaka nawonso anayamba kuseka, pang'onopang'ono poyamba, mpaka misozi inatuluka, ndipo palibe anafunsa ngati yonse inali ya chiseko.

"Mayi, ndakulakwirani," anatero akupukuta m'maso. "Miyendo imene ndinkaidalira ija inatsala kuunyamata. Ine ndinangobwera ndi nkhani yake."

"Nkhaniyo ndiye ili ndi mphamvu," anayankha mayi akuwasisita paphewa. "Ikanakhala kuti imapalasa njinga, bwenzi mutafika oyamba."

Masiku otsalawo a Liwiro anayenda pambuyo pa gulu, pambali pa mkazi wawo, akufunsa mkamwini za magiya ndipo akumvera. Anaona mitsinje, minda ya mphesa ndi midzi yokongola, koma msewu sunakwerenso kuphiri loyera lija. Mwayi umenewo unasungunukira m'botolo. Mphamvu za dzana n'zokoma kuzikamba munthu uli pamthunzi, koma chitunda sichimva mbiri, chimafunsa miyendo ya lero. Akuluakulu sanalakwe ponena kuti tsobola wakale sawawa.