Makope Awiri a Che Hamadi

Pamsika wa Milonde, sitolo ya Che Hamadi inkadziwika ndi zinthu ziwiri: sikelo yosanama ndi mwini wake wosagonja pamkangano. Ankagula nyemba ndi nandolo kwa alimi, ena ochokera kutsidya kwa malire, n'kumagulitsa kwa a malole ochokera ku Limbe. Sikeloyo inalidi yachilungamo. Bodza linkagona m'dirowa, pansi pa kauntala.

M'dirowamo munali makope awiri. Lofiira ankalemba akazi awo, mayi Safina, ndipo thumba lililonse lolowa kapena lotuluka linkapezeka m'menemo. Labuluu ankalemba okha Che Hamadi nthawi yopereka msonkho ikayandikira. M'kope limeneli geni inali yodwala: pamene mayi Safina analemba matumba khumi, iwo ankalembapo awiri. Analidonthezera tiyi dala n'kulipinda m'makona kuti lioneke la munthu wovutika.

Tsiku lopita ku ofesi ya msonkho ku boma linalinso ndi zovala zake: malaya othothoka kolala ndi patapata. Njinga yawo yamoto ankaisiya kwa mnzawo pa Chitakale, n'kumaliza ulendo pa kabaza.

"Bambo a Laila, kwagwa maliro kodi?" anafunsa mayi Safina tsiku lina ataona malaya aja.

"Ndikupita kukateteza chuma cha banja lino. Msonkho umaluma onenepa."

"Nanga tsiku limene mudzafune kuoneka onenepa?"

"Lofiira lija lilipo. Munthu wanzeru amakhala ndi pothawira pawiri, mayi."

Kutsidya kwa msewu kunali sitolo ya mayi Enifa, ogulanso mbewu, koma geni yawo sinkafika ngakhale theka la ya Che Hamadi. Iwo anali ndi kope limodzi ndipo ankapereka msonkho monga momwe linanenera. Che Hamadi akawaona akubwera ndi risiti ankakuwa, "Wafika mwana wokondedwa wa boma! Akupatsani switi lero?" Mayi Enifa ankangoseka n'kulowa m'sitolo mwawo.

Zinayenda chomwecho zaka zitatu. Kenako esiteti ina ya tiyi inalengeza kuti ikufuna munthu woiperekera nyemba zodyetsa antchito nyengo yonse yothyola tiyi, matumba mazana atatu. Che Hamadi anayang'ana msika wonse ndipo sanaone wopikisana naye. Anatenga mpamba wonse n'kugula nyembazo, mpaka matumba anafika kudenga.

"Mwagula asanakuyankheni?" anatero mayi Safina.

"Angapatse ndani wina? Mlenje sadikira kuti nyama imulembere kalata."

Lachitatu anavala mkanjo woyera wosita bwino, nakwera njinga yamoto kupita ku esiteti. Mu envulopu munali kope lofiira, loonetsa kukula kwa geni, komanso mapepala a msonkho a zaka zitatu, poti chilengezo chinkafuna zonse ziwiri. Apa mpamene munthu wochenjera kwambiri pa Milonde anaiwala kanthu kamodzi kakang'ono: mapepala a msonkhowo anali ana a kope labuluu.

Woyang'anira zogula pa esitetiyo, mayi Ireen, anayala zonse patebulo. Anawerenga uku, nawerenga uko, kenako anavula magalasi.

"Bambo, ndithandizeni. Pano ndikuona a Hamadi awiri. Awa a m'kope amagulitsa matumba mazana asanu pachaka. Awa a m'mapepala a msonkho amagulitsa zana limodzi. Amene akhala pampandopo ndi ati?"

"Ndi munthu mmodzi, mayi. Kungoti zolembalemba zija, mukudziwa..."

"Ndikudziwa. Koma taonani vuto langa. Ngati muli a zana limodzi, simungathe kudyetsa antchito athu. Ngati muli a mazana asanu, simunalongosole za msonkho, ndipo malamulo a kampani sandilola kugula kwa inu. Komanso tikamakulipirani timadulako msonkho n'kuutumiza m'dzina lanu, ndiye kumeneko adzakuonani ndithu kuti ndinu onenepa. Sankhani mmodzi. Tikutseka Lachisanu, 12 koloko masana."

Che Hamadi anatuluka mkanjo ukuwalemera. Lachinayi lonse anathera kuyendayenda m'sitolo. Akatsegula lofiira ankaona chindapusa. Akatsegula labuluu ankaona nyemba zikufumbwa mpaka kudenga. Chakumasana anabwera ndi nzeru yatsopano ndi kope latsopano.

"Safina, tilembe lachitatu, lapakatikati. Losanenepa, losaonda."

"Dzanja langa limalemba zimene sikelo yanena," anayankha mayiwo. "Kuti mufune, mukalembetse kwa amene anakuphunzitsani kuthira tiyi pamapepala."

Lachisanu m'mawa anasankha. Anatenga kope lofiira kupita nalo ku ofesi ya msonkho, ndipo mwa changu anaiwala kusintha zovala. Mkulu wa pa desiki, a Hudson, amene kwa zaka zitatu ankawamvera chisoni, anayang'ana mkanjo, nayang'ana njinga yamoto pawindo.

"Che Hamadi! Mwachira?"

"Ndabwera kudzakonza mapepala, bwana. Koma ndikufuna kalata yotsimikiza kuti za msonkho ndalongosola, isanakwane 12."

A Hudson anatsegula kopelo mwaulemu, tsamba ndi tsamba. "Mwachita bwino kubwera nokha, zimapepukirako. Ndipo amene amalemba umu ali ndi dzanja labwino, palibe chosowa. Koma zaka zitatu sitiwerengera pa ola limodzi. Tiwerengera, tikuuzani zotsala ndi chindapusa, mulipira, kalata ituluka pambuyo."

"Ndiye ndibwezereni kopelo, ndidzabwera tsiku lina."

"Tikubwezerani tikangolijambula. Chimene maso aona, bambo, sitingachibwezere m'dirowa."

Potuluka anapeza mvula ya ku Mulanje yatsika m'phiri, ija yosachenjeza. Anathamangitsa njinga m'matope kupita ku esiteti kuti akapemphe masiku owonjezera, koma anafika 12 itadutsa kalekale, mkanjo utamatirira m'thupi. Mlonda wa pageti anawauza kuti ntchito yapita kwa mayi wina wa ku Milonde, amene mapepala ake ankagwirizana, ndipo amulola kubweretsa nyembazo pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.

Patatha milungu itatu kalata ya msonkho inafika. Ndalama yolipira panalibe, poti yonse inali m'matumba. A malole a ku Limbe atamva kuti munthu wapanikizika anatchula mitengo yonyoza. Wogula mmodzi yekha ndi amene anatchula mtengo woti munthu n'kuumvera, ngakhale unali wotsikirapo kuposa umene Che Hamadi anagulira.

Mayi Enifa anawoloka msewu ndi ngolo m'mawa wa Loweruka. Sanaseke, sanatchule za switi. Matumba atakwezedwa anati, "Achimwene, mundilembere risiti. Kwathu kopanda risiti sikalowa m'kope."

Che Hamadi anakoka dirowa, dzanja lawo n'kuima m'malere pamwamba pa makope awiri aja. Mayi Safina anatambasula mkono, natenga labuluu, nang'ambamo tsamba, nalipinda bwinobwino n'kukulungiramo mtedza wa mwana wa kasitomala.

"Latsala limodzi, bambo a Laila. Simuvutikanso kusankha."

Munthu akapezedwa ndi mvula m'phiri, phanga limodzi limamukwanira, ngakhale likhale lothina. Che Hamadi anali ndi awiri, lobisalira a msonkho ndi lodzionetsera kwa ogula, ndipo mvula inawapeza ali pakati. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.