Mtengo Umene Sunkadandaula

Kunali bambo wina kumapiri a ku Ntcheu, cha ku Lizulu uko, kumene chisanu cha mu Juni chimalowa mpaka m'mafupa. Anali mlimi wa dimba. Tomato, kabichi, mpiru, imeneyo ndiyo inali ntchito yake. Musamuyese munthu woipa ayi. Mowa sankaulawa, mkazi wake sanamukwezerepo dzanja, ndipo Lamulungu ankakhala benchi lakutsogolo n'kumaimba besi yogwedeza malata. Anali munthu wabwinobwino ngati inu ndi ine, n'chifukwa chake nkhani yake imandiwawa.

Mkazi wake anamutenga chitengwa kuchokera ku Thyolo. Tsiku limene mayiyo ankachoka kwawo, atate ake, omwe ankasamalira maluwa pa esiteti ina ya tiyi, anamupatsa kamtengo kobzala m'chitini. Anati, "Mwana wanga, ng'ombe ndilibe. Tenga aka, uzikandikumbukira." Sipanapite zaka zambiri, mkulu uja anamwalira. Chimene chinatsala cha m'manja mwake ndi kamtengo kaja basi.

Kamtengo kanakula, kanapitirira denga la khitchini. Dzina lake lachizungu linkakanika pakamwa, choncho anthu ankangoti mtengo wa amake Nelesi, potengera mwana wawo yemwe anali atakwatiwa kale ku Balaka. Mtengowo ndi mbale wake wa tiyi. Masamba ake ndi olimba, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo suyoyola masamba chaka chonse. M'chilimwe mitengo ina ikaima mbulanda, iwo umakhala uli biriwiri. Nanga m'chisanu, maluwa ena onse atapsa, ndi pamene umatulutsa maluwa ofiira, aakulu ngati chikhatho cha mwana. Amayi a kutchalitchi ankabwera Loweruka kudzathyolako, ndipo mawa lake guwa linkachita kuseka.

Koma mitengo yotere siimangodzikulira. Mayiyo anaubzala kum'mawa kwa nyumba kuti uziwotha dzuwa la m'mawa, masana uzipeza mthunzi. Mizu yake siipita pansi kwambiri, imangoyenda pamwambamwamba, ndiye ankaunjika udzu ndi masamba ouma patsinde kuti dothi lisatenthe. Madzi otsala m'ndowa sankawataya pena paliponse. Ndipo m'mawa uliwonse ankawerama, n'kusuntha udzu uja, n'kupisa chala m'dothi.

Mwamuna wake ankamuseka. "Kodi amake Nelesi, mtengowo uli ndi malungo?"

"Ndikuufunsa ngati wamwa," mayiyo ankayankha, n'kupitiriza ntchito zake.

Bamboyo anali ndi mawu amene ankawakonda akakhala ndi anzake pamsika. Ankati, "Pakhomo panga pali zinthu ziwiri zosavutitsa: mtengo uja ndi mkazi wanga. Sizidandaula." Anzakewo ankaseka, iye n'kumamva kukoma. Ankayesa kuti akuyamikira.

Chaka china, maluwa atangotha kugwa, mphepo ya Ogasiti ikuwulutsa fumbi, kunabwera uthenga kuti amayi ake a mayiyo adwala kwakayakaya ku Thyolo, ndipo palibe wowasamalira. Mayiyo anamanga kachikwama kake. Ali pakhomo anatembenuka.

"Bambo a Nelesi, ndikusiyirani chinthu chimodzi. Mtengo wa atate. Musayang'ane masamba, amanama. Muzipisa chala."

"Pitani bwino, musade nkhawa. Ine mlimi ndingalephere mtengo umodzi?"

Masabata oyamba anauthirira ndithu. Tisamunamizire. Ankachoka kudimba ndi keni yodzaza, n'kukwera chitunda mpaka kunyumba, n'kuukhuthulira patsinde. Chala chokha ndiye sankapisa. Ankati zimenezo n'zachizimayi.

Kenako chilimwe chinafika, osati chilimwe chamasewera. Chitsime cha kudimba chinayamba kutsika. Munthu unkatunga pang'ono n'kukhala pansi kudikira kuti madzi abwerenso. Tsono inu amene munalimapo tomato mukumudziwa khalidwe lake. Tomato sapirira! Dzuwa likangofika pamutu, wagwetsa kale makutu, wakomoka mzere wonse ngati anamfedwa. Ukamupatsa madzi, madzulo wadzuka, akumwetulira. Mawa masana wakomokanso.

Tsiku lina bamboyo anatunga keni yomaliza, madzi amatope, chitsime chitagunda pansi. Anati iyi ndi ya mtengo. Anainyamula n'kuyamba ulendo wakunyumba, koma njira inkadutsa pakati pa tomato. Anaima pamenepo. Kuno tomato wagona, akuchita ngati afa lero lomwe. Uko pachitunda mtengo waima chilili, masamba akunyezimira padzuwa. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Keni ikumulemera m'dzanja.

Anati mumtima mwake, "Uwo ndi wolimba. Udikira mawa." Anakhuthulira madzi aja pa tomato.

Abale anga, mawa! Ndi angati a ife tinaikidwa m'manda ndi mawu amenewa? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mawa lake zinali chimodzimodzi, mkucha wake chimodzimodzi. Tomato ankalira, mtengo unkakhala chete, ndipo madzi ankapita kwa wolira. Pamapeto pake sankaimanso n'komwe panjira paja kuti aganize.

Ndiye panachitikanso china. Inafika nthawi yoti mapemphero a m'mudzi achitikire pakhomo pake. Bamboyo anayang'ana bwalo n'kuona mulu wa udzu ndi masamba uja patsinde pa mtengo. Anachita manyazi. Anati, "Anthu adzati mayi atangochoka pakhomo pasanduka dzala. Mwinanso muli njoka umu." Anatenga tsache, anasesa mpaka dothi linaoneka lofiira, zinyalala anazitentha. Alendo anabwera, anamuyamikira kuti bamboyu ndi waukhondo zedi. Anaimba nyimbo mumthunzi wa mtengo womwewo. Palibe amene anadziwa kuti wauvula bulangete, ndipo kuyambira tsiku limenelo mizu ikupsa ndi dothi la mu Okutobala.

Nthawi ndi nthawi ankaimbirana foni. Bamboyo ankayamba, "Muli bwanji kumeneko?" Mayiyo ankati, "Tilipo." Basi, bamboyo wakhutira, wayamba za tomato, za chitsime, za ogula a ku Lilongwe amene akuvuta. Pomaliza mayiyo ankafunsa, "Nanga mtengo wa atate?" Iye ankasuzumira pakhomo, osadzuka n'komwe pampando, n'kunena kuti, "Uli biriwiri." Sankanama dala. Ankanena zimene maso ake ankaona.

Zizindikiro zinalipo. Masamba anasiya kunyezimira, iye anati ndi fumbi. Ena anapindika m'mbali, iye anati ndi mphepo. Koma chifukwa sanagwe, mtima wake unali m'malo. Amati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Uwu sunagwetse tsamba, choncho panalibe wogwidwa manyazi.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Itagwa yoyamba, fungo la dothi lili ponseponse, mayi uja anabwerera. Amayi ake anali atapezako bwino, ndipo mng'ono wake anali atafika ku Thyolo kudzamulandira ntchito yosamalira wodwalayo. Anatsika basi pamsewu, anakwera chitunda. Sanalowe m'nyumba. Chikwama chili m'manja, analunjika ku mtengo, mwamuna wake akumutsatira pambuyo akumwetulira, kudikira kuti amuthokoze.

Mayiyo anayang'ana pansi pamene panasesedwa paja. Anagwira kanthambi, anakakanda ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Mtengo wamoyo ukaukanda, pansi pa khungwa pamaoneka pobiriwira, ponyowa. Apa panali pouma, pofiirira. Anakanda nthambi yaikulu. Pouma. Anakanda thunthu. Pouma. Anaika chikwama pansi, anagwada m'matope, anakanda patsinde penipeni, pomwe panali chiyembekezo chomaliza. Anakhala chogwada nthawi yaitali.

Bamboyo anathamanga kukatenga ndowa, anathira. Anathamanganso, anathiranso, mvula itagwa kale, madzi akungoyenderera pabwalo.

"Lekani, bambo a Nelesi," anatero mayiyo. "Wakufa samwa madzi."

"Koma unali wobiriwira! Taonani masamba, onse alipo! Ukanangofota pang'ono, ndikanadziwa."

Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, anapukuta matope m'maondo. Sanakuwe, sanalire. Anati, "Mtengo uwu sunena. Amachita kuufunsa." Anamuyang'ana m'maso. "Inenso pafoni paja ndinkati tilipo. Munafunsapo kachiwiri?"

Apo m'pamene bamboyo anamuona mkazi wake. Osati kumuyang'ana, kumuona. Mafupa a m'khosi atatuluka. Chitenje chimene chinkazungulira kamodzi tsopano chikufuna kuzungulira kawiri. Miyezi yonse ija mayiyu ankanyamula wodwala yekha, kumusambitsa yekha, kumubereka kupita naye kuchipatala yekha, nthawi zina kugona ndi njala kuti wodwala adye. Ndipo sikuti zinayamba ku Thyolo. Zaka zonse za banja lawo, mayiyu ankati tilipo, mwamuna n'kumapita kumsika kukanyadira kuti mkazi wake sadandaula. Kalanga ine! Bamboyo anangoima ndi ndowa yopanda kanthu m'manja.

Patapita masabata angapo masamba aja anagwa onse, ngati ankangodikira mwini wake abwere. Bamboyo anadula mtengowo yekha. Nkhuni zake sanalole kuti zilowe pamoto. Anadzipereka kupita ku Thyolo kukafuna mbande ina, koma mkazi wake anati, "Mbande mukaipeza. Nanga manja a atate mukawapeza kuti?" Madzi akatayika saoleka. Juni wotsatira, paguwa la tchalitchi chawo panali maluwa apulasitiki, ndipo bambo wa besi uja ankaimba ataweramitsa mutu. Anaphunzira kufunsa mkazi wake kawiri, inde, anaphunzira ndithu. Koma chitsa chija chikadali kum'mawa kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse amachidutsa popita kudimba.

Tsono abale ndi alongo, fanizoli likunena za ife.

M'nyumba iliyonse muli tomato, ndipo muli mtengo wosayoyola masamba. Mu mpingo uno chimodzimodzi. A tomato timawadziwa tonse. Akangodwala mutu, uthenga wafika kale kwa abusa, kwa akulu a mpingo, kwa amayi a chigwirizano. Sindikuwanyoza ayi, nawonso ndi ana a Mulungu, madzi aziwalandira. Koma alipo ena amene sanena. Ndi mayi uja amafika woyamba kudzasesa muno, pamaliro aliwonse ali kukhitchini, ukamupatsa moni amangoti tilipo. Ndi mwana wanu woyamba uja amene sanakuvutitsenipo, mpaka munaiwala kuti nayenso ali ndi mtima. Ndi mwamuna uja amaseketsa anthu onse. Ndi mkazi amene mwakhala naye benchi limodzi lero, amene mumanyadira kuti sadandaula. Timawayamikira, timakhala mumthunzi wawo, timathyola maluwa awo kukongoletsa guwa. Madzi okha ndiwo sitiwapatsa, chifukwa timati ndi olimba, adikira mawa.

Musayang'ane masamba. Masamba amanama. Munthu akhoza kuvala suti yosita, kuimba nyimbo zonse pamtima, mizu yake itauma kalekale. Ambuye wathu sanamizidwa ndi kubiriwira kwa kunja. Iye amawerama, amasuntha udzu, amapisa chala mpaka pamene pali ludzu. Ndipo anthu amene anatiikira pafupi anatisiyira monga mayi uja anasiyira mwamuna wake mtengo, kuti tiwasamale mpaka abwere. Tsiku lina adzafika, adzakanda khungwa. Kodi tidzamuuza kuti chiyani? Kuti unali wobiriwira?

Ndipo iwe amene ndiwe mtengo wosadandaulawo, ndikukupempha, usafe chilili. Kunena kuti ndili ndi ludzu si tchimo. Uza mbale wako, uza Mulungu wako, nthawi ikadalipo.

Kwa enafe, ntchito ndi yaing'ono, ndipo ndi ya lero, osati mawa. Mukatuluka pakhomo apo, pitani kwa munthu amene simunamuderepo nkhawa. Mufunseni kuti muli bwanji. Adzati tilipo. Musachoke. Khalani pansi, mufunseninso kachiwiri.