Nsonga yonyezimira ya a Gwaza

Ana inu, sendezani mipando ndikuuzeni za a Gwaza a ku Mtakataka, mphunzitsi wopuma pantchito amene maso awo anayamba kuchita chidima. Mwana wawo Fanesi anawatumizira kachipangizo kowerengera mabuku, kokulitsa zilembo, pamodzi ndi cholembera chogwiritsa ntchito pagalasi lake. Mkuluyo anayambiranso kuwerenga Mawu kutchalitchi monga kale.

Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi nsonga ya cholemberacho. Inali yapulasitiki, yofewa, ndipo inkatha msanga. Tsiku lina pamsika, wogulitsa anawaonetsa nsonga zamitundu iwiri: zofewa zotuwa zomwe ankazidziwa kale, ndi ina yachitsulo yonyezimira ngati golide. Anawatsimikizira kuti yachitsuloyo siitha.

Akazi awo a Nangozo anaitembenuza m'manja nsongayo.

"Bambo a Fanesi, khasu likamalima, chimene chimatha ndi khasulo. Nanga nsongayi ngati siitha, chizitha n'chiyani?"

A Gwaza anangoseka, n'kugula yachitsuloyo.

Loweruka masana anakhala pansi pa mkuyu wa pabwalo pawo kukonzekera zokawerenga mawa lake. Pofuna kudula mzere kunsi kwa vesi, anamva kuti kwee! Galasi linali litakandika. Anapukuta ndi malaya, koma mzerewo sunachoke. Mtima unawawawa poganiza za Fanesi, ndiponso poopa kuti abwerera kumdima uja.

A Nangozo sanawadzudzule. Anatola nkhuyu yofiira bwino imene inagwa pafupi ndi mpando, n'kuing'amba pakati. Nyerere zinabalalika m'zala mwawo.

"Mwaona, bambo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

A Gwaza anayang'ana nkhuyuyo, kenako anazula nsonga yachitsulo ija n'kubwezeramo yofewa imene inatsala. Mwamwayi, pokandika paja panali m'munsi mwa galasi, ndipo zilembo zinkawerengeka bwinobwino. Atamuimbira Fanesi, iye anawalimbitsa mtima, nawafotokozera kuti opanga kachipangizoko anaipanga dala nsonga yofewayo kuti izitha m'malo mwa galasi. Lamlungu a Gwaza anawerenga Mawu osaphonya chilembo, ndipo potuluka anafotokozera anzawo za nkhuyu ija, mpaka mawu a Nangozo anafala.

Choncho mukamva akulu akuti "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," akutanthauza kuti kukongola kwa kunja sikunena za m'kati. Chinthu chikakukopani ndi kuwala, yambani mwafunsa chimene chidzachite chikafika kwanu.