Maliro a Mayi Chimbalanga m'Chidatchi

Bambo Chimbalanga ankayendetsa famu ya maluwa ya akazi awo ku Lumbadzi. Tsiku lina kunabwera mayi wa ku Holland kudzagula maluwa, ndipo bwanayo mtima unangoti dyokodyoko pa mayiyo.

Anakokera pambali Zuze, womasulira wapafamupo, yemwe ankadziwa Chingerezi, Chidatchi ndi Chisipanishi.

"Umuuze m'chilankhulo chake kuti mkazi wanga anamwalira chaka chatha, ndikufuna wondipukuta misozi. Ukakana, ntchito yatha."

"Bwana, mawu a maliro m'Chidatchi ndi ovuta," anatero Zuze. "Ndiimbire kaye katswiri. Inu mulankhule mokweza, iye atithandiza."

Anaimba foni n'kuiyika pakamwa pa bwanayo. Bambo Chimbalanga anafotokoza zonse, ngakhale mtundu wa bokosi, mawu akunjenjemera ngati namfedwa weniweni.

Foni ija inayankha m'Chichewa chomveka bwino: "Bambo a Tadala, ndinamwalira liti? Nanga bwanji mukudyabe za pafamu panga? Dikirani pomwepo, mtembo ukubwera."

Mlendo uja anafunsa zomwe zikuchitika.

Zuze anaomba m'manja mwaulemu. "Bwana, izi ndimasulire m'Chidatchi, m'Chingerezi kapena m'Chisipanishi?"